Ndinanamizira karoboti ku Metangula

Mwana wanga Zito ali ndi otizimu, ndipo satha kuona pankhope ngati munthu wakondwa kapena wakhumudwa. Alendo atabwera ku Metangula ndi karoboti kophunzitsa ana otere, ndinakwera naye shapa, minibasi yakwathu kuno, kuchokera ku Meluluca, chinangwa nditachisiya chovikika.

Mayi woyendetsa karobotiko anandikhazika kutsogolo nati, "Zito, ayang'ane amayi ako. Akumva bwanji?"

Zito anandiyang'ana nthawi yaitali, zimene sachita. Kenako analoza chithunzi cha nkhope yolira. Karoboti nako kanandiunika n'kunena m'Chipwitikizi kuti, "Triste," kutanthauza wokhumudwa.

Koma kwathu kuno mlendo sumuuza kuti watopa. Ndinaseka mokweza, mano onse panja. "Iyayi, ine ndili bwinobwino! Kachidole kanuka kalowa fumbi."

Mayi uja anapepesa, n'kuyamba kukapukuta m'maso ndi kansalu. Ine ndinagwira chala cha mwana wanga n'kuchisunthira pachithunzi cha nkhope yoseka. Sanakane.

Dzana anandipeza kuseri kwa nyumba ndikulira. Anandiyang'anitsitsa, n'kunena monyadira kuti, "Amayi akondwa."

Ndinangogwedeza mutu movomera. Ndikanati chiyani? Mphunzitsi wake ndine.