Mzungu Amene Anatsata a Fryson Mpaka ku Woodbridge

Alamu anga a Fryson Kalekeni anafika ku Washington chaka cha 1972 ndi sutikesi yamalata, jekete lobwereka ndi mapewa awiri ofanana. Inu amene munawadziwa atakula mumayesa anabadwa opendekera ngati nkhokwe yothyoka mwendo. Ayi ndithu. Anawapinda ndi mzungu wa ku Belgium.

Anabwera kudzayendetsa galimoto ya kazembe wina pa Massachusetts Avenue, koma ntchito yeniyeni inali kudikira. Kudikira paphwando, kudikira kubwalo la ndege, kudikira madona akusankha nsapato. Munthu anadikira mpaka mitengo ya mumsewumo inayamba kumupatsa moni. Loweruka kazembeyo ankakaphunzira gofu kuseri kwa Germantown, komwe masiku amenewo ng'ombe zinkachuluka kuposa anthu, ndipo alamu ankakadikira kumenekonso.

Mphunzitsi wa kazembeyo anali Armand Deschutter, ife tinkangoti Bwana Amandu. Wamtali, woonda ngati nsungwi, kaliwo wosachoka pakamwa. Bambo ake ankatchetcha kapinga pabwalo la gofu pafupi ndi Antwerp, choncho mwanayo anagwira ndodo asanaleke kuyamwa. Anawina zikho kwawo, anasewera ku France ndi ku Holland, kenako anakaphunzitsa azungu a m'migodi ku Katanga ndi ku Ndola, komwe anatola Chinyanja chokhotakhota. Mpira ankaumenya moti umodzi, alamu amalumbira, unakaswa zenera ku Baltimore. Ku America anabwera kuti adzagonjetse akatswiri onse. Koma anadwala nthenda yochititsa manyazi: mpira ukaima pafupi ndi dzenje, kungotsala chikhatho chimodzi, manja ake ankanjenjemera ngati a mbala yogwidwa ndi mbuzi paphewa. Mpira wakuti ngakhale nkhuku ikhoza kuulowetsa, iye ankauphonya. Ndiye katswiri uja anathera pophunzitsa akazembe amimba zawo.

Tsiku lina anamva alamu akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi uku akupukuta galimoto.

"Iwe, ndiwe wa ku Nyasaland? Bwela unyamule chola."

"Ine, bwana, ndine dalaivala."

"Dalaivala wa motoka yoimilila?"

Mawu amenewo anawabaya. Ananyamula chikwamacho, ndipo pofika 1976 anali atasiya ntchito ya kwa kazembe, ataitanitsa mkazi wawo, mlongo wanga Lenifa, kuchokera ku Dedza, atapeza kanyumba ku Woodbridge. Anayenda ndi bwanayo m'mipikisano ing'onoing'ono ya ku Maryland, Virginia ndi Pennsylvania.

Ntchito yonyamula chikwama ili ndi miyambo yake. Ndodo ikakumba chibuma cha kapinga, wonyamulayo amatola n'kuchibwezera pamalo pake. Pa dzenje amagwira mbendera. Alamu ankagwira atafulatira, poti maso a munthu ankawonjezera bwanayo kunjenjemera. Akaphonya n'kumangoima poteropo ngati chiswe chamudya mapazi, iwo ankati, "Tiyeni, bwana." Pobwerera bwanayo ankawodzera m'galimoto, ndipo ankafuna kudzutsidwa pamlatho kuti aone mtsinje asanakatsike ku Alexandria, komwe ankakhala yekhayekha. Mkazi analibe, mwana analibe, ngakhale mphaka anamuthawa.

Mu Okutobala 1983 panali mpikisano wa nkhalamba pabwalo lomwe lija la ku Germantown. Bwana Amandu anali patsogolo, zimene zinali zitaiwalika ngati mvula ya chaka chatha. Chakumapeto kwa masewero anamenya mpira wokongola, chibuma chinauluka, mpira unakaima chikhatho chimodzi kufika pa dzenje. Alamu anathamangira chibuma. Potembenuka anapeza bwana atagwada, kenako anagwa chafufumimba. Chibuma chija anangochiponya m'thumba la buluku, namugwira paphewa.

"Bwana, dzukani. Tiyeni."

Ambulansi inatenga thupi. Chikwama palibe anachikumbuka, choncho alamu anatola mpira, naika zonse pampando wakutsogolo. Ndi chisoni sanalankhule ndi munthu aliyense, sanacheukenso. Pamlatho pakamwa panangoyankhula pokha: "Tikuwoloka Potomac, bwana." Ku Alexandria anadutsa, akanaimiranji? Pa mtsinje wa Occoquan ananenanso chimodzimodzi. Pakhomo pawo anatsitsa chikwama nati, "Tafika."

Tsono inu obadwira kuno, amene tikakufunsani m'Chichewa mumayankha m'mphuno, mverani. Kwathu munthu akafera kutali ndi mudzi, abale amapita pamene anagwera, n'kutapa dothi, n'kumuuza kuti tiyeni. Panjira salankhula ndi munthu, sacheuka, ndipo pa mtsinje uliwonse amamuuza kuti tikuwoloka, kuopa angatsale tsidya. Pakhomo amamuuza kuti wafika. Alamu anga anachita zonsezi osalumpha n'chimodzi chomwe, bwino kuposa akuluakulu amene ndinawaonapo akuchita dala. Bokosi linakwera ndege kupita ku Belgium lili ngati khoko la mtedza. Mwini wake anali ku Woodbridge.

Woyamba kudziwa anali Lenifa, poti masana ankatsala yekha akusoka. Dzuwa lili paliwombo ankapeza kapu itagonekedwa chammbali pa kalipeti. Akaidzutsa, pobwera kuchokera kukhitchini inali itagonanso. Kenako kankamveka kanthu kakugubuduka pang'onopang'ono m'khonde la m'kati, n'kuima kasanafike pa kapu. Kukhala chete. Ndiyeno munthu ankausa moyo, kuusa kwautali, kwa munthu wamtali. Pansi panayamba kuoneka timabowo ta nsapato zamisomali. Makatani ankanunkha kaliwo, chonsecho alamu anali mkulu wa mpingo.

Mu Disembala, pofuna kuchapa buluku limene alamu anali atalibisa kuyambira tsiku la maliro, Lenifa anapisa m'thumba. Chibuma chija chinali chobiriwira, mame ali mbuu.

Anachiika pambale, naipereka patebulo m'malo mwa ndiwo.

"Bambo a Vera, ichi n'chiyani?"

"Kapinga."

"Maso ndili nawo. Munachitenga pati?"

Alamu anafotokoza. Pofika pa mtsinje wachiwiri Lenifa anali atakhala pansi, manja ali kumutu.

"Amuna a anzanga akalakwa amabweretsa mkazi wachiwiri. Inu mwandibweretsera mzungu wakufa."

"Savuta, mayi. Sadya n'komwe."

"Dzulo ndamumva kuchipinda kwa ana."

"Amangofuna malo osalala. Apite kuti? Kwawo alibe aliyense."

"Ndiye mukhala naye. Ine ndi ana tikupita ku Dedza."

Mlongo wanga saopseza. Tsiku lomwelo masutikesi anatsika pamwamba pa wadiropu, ndipo zovala za ana awo, Vera ndi Mable, zinayamba kulowamo.

Alamu anathamangira kwa a Mwamba, mkulu wa ku Zambia amene ankagwira ntchito kubanki ina yaikulu m'tauni. Munthu wa madigiri ochuluka moti ena ankatsekera mazenera, koma nkhaniyi sanaiseke.

"Ba Kalekeni, imwe munamutenga mushe maningi, ndiye problem. Belgium ni kutali, ndipo muntu uja sanali kufuna Belgium. Mubwezeni kwamene munamutola, na njila imodzimodzi."

Ananyamuka m'mawa kuli nkhungu, chikwama pampando wakutsogolo, Lenifa kumbuyo kuti aziyankha anthu. Pa Occoquan alamu anati tikuwoloka. Pa Potomac anati tikuwoloka, ndipo mpando wopanda munthuwo unalira ngati wina wadzuka kuti aone madzi. Pageti la bwalo mlonda anafunsa chimene akufuna poti masewero anatsekedwa nyengo yozizira. Alamu anangoti maso patsogolo. Lenifa anamuuza mlondayo m'Chingelezi cha ku Dedza kuti abweretsa katundu wa malemu, ndipo malemuyo ali pompo akudikira. Geti linatseguka msanga.

Kapinga yense anali wofiirira, chisanu chitayera pamwamba. Koma bala lija la ndodo linali lakuda, laliwisi, ngati lakumbidwa m'mawa womwewo. Alamu anagwada nabwezera chibuma. Chinalowa ndendende. Anaika mpira pamene unaima tsiku lija, anatsamiritsa ndodo yaifupi pachikwama, anagwira mbendera, nafulatira. Lenifa naye anafulatira.

Anadikira. Atsekwe amene anali padziwe anasiya kulira. Kumbuyo kwawo chisanu chinaphwanyika pansi pa phazi, kenako phazi lina. Fungo la kaliwo linafika. Ndiye kunamveka kakuti kho, ndi kulira kwa mpira ukugwera m'dzenje.

Palibe anausa moyo.

Alamu, misozi ili chuchuchu, anabwezera mbendera ndi ndodo, nakoleka chikwama paphewa monga mwa masiku onse. Lamba anakoka. Pachisanu panayamba kudindika mapazi aatali, limodzi limodzi, kulowera kumene dzenje lotsatira limayambira. Miyendo ya alamu inayamba kutsatira yokha.

"Bambo a Vera," anatero Lenifa, mawu ali pansi. "Mukupita kuti?"

"Atsala maenje pang'ono, mayi. Ali patsogolo."

"Akatha amenewo?"

Alamu anaganiza. "Gofu satha. Mawa amayambiranso."

"Ndiye ine ndikupita kugalimoto. Makiyi ndili nawo."

Mapazi aja anali ataima patsogolo pang'ono, atatembenukira kwa iwo. Alamu anayang'ana mapaziwo, anayang'ana msana wa mkazi wawo ukulowa m'nkhungu. Anavula lamba pang'onopang'ono, naimika chikwama pakapinga, navula chipewa.

"Bwana Amandu, pano ndi panu, mpamene munakalambira. Mpira walowa, ndamva ndi makutu anga. Ine ndili ndi ana. Kuyambira lero muzinyamula nokha. Musanditsate."

Anayenda osacheuka. Pa mitsinje yonse iwiri anatseka pakamwa ngati ameza singano.

Madzulo a tsikulo masutikesi anabwerera pamwamba pa wadiropu. Alamu anagula takisi, nayendetsa mpaka imvi, ndipo munthu akati ku Germantown ankamuuza kuti galimoto yatentha. Nyumba ya ku Woodbridge ikadalipo, Lenifa akadali momwemo akulamulira.

Lenifa mwambo wosacheuka sunkamukhudza, choncho tsiku lija atafika pagalimoto anacheuka. Ndinamufunsa kwa zaka zambiri chimene anaona, ndipo anandiyankha kamodzi kokha, akusenda anyezi. Anati chikwamacho chinali chitafika kale patali, chikugwedera uku ndi uku, ngati chanyamulidwa ndi munthu amene sanazolowere katundu.