Atate Adula Maapozi Awiri Osadwala

Mwaswera bwanji nonse. Atate adula mitengo iwiri ya maapozi m'mawa uno, ndipo yonse inali yamoyo.

Ndi ina mwa sikisi ija anabzala kuseri kwa nyumba ku Kwacha, mgodi utagulitsidwa iwo n'kuchotsedwa ntchito. Chiyambireni kuzizira mu Juni, masamba akhala akuchita chikasu n'kumayoyoka. Atate anazolowera mango ndi mapeyala, osathothoka masamba onse. Ndiye anati ndi matenda, bola adule asanafalikire.

Amai anandiimbira 9 koloko. Ndinapita ndi Mai Zulu a kutchalitchi, amene anagwirapo ntchito ku nazale ku Ndola. Mai Zulu anatembenuza masamba limodzilimodzi, osapeza mawanga akuda, nsabwe kapena nguwi yoyera. Kenako anakanda ndi chikhadabo khungwa la mtengo wodulidwa. M'kati munali mobiriwira, monyowa.

"Bambo Phiri, maapozi amagona nthawi yozizira," anatero Mai Zulu. "Iyi sinadwale."

Atate anakhala pa chidebe, chikwanje chili m'manja. "Kumgodi chinthu chikaima tinkangochotsa," anayankha motsitsa. Ngakhale tiyi anamukana.

Yatsala inayi. Amai akuti tiwagulire mbande ziwiri mawa, koma ine ndikuopa kuti aona ngati tikuwadzudzula. Achimwene, alongo, mukuti bwanji?

Mai Zulu akuti zitsazo tisazule, poti Atate anadula pamwamba pa pomezanitsa, pamene nthambi ya apozi inalumikizidwa ku tsinde la mizu. Tikadikira, mphukira zikuyembekezeka mu Seputembala.