Mpira umene ndinanama kuti unayenda mowongoka

Abale anga, nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu, inandichitikira ine mwini, ndipo Mulungu amene ndidzaima pamaso pake akudziwa kuti sindikuthirapo mchere. Papita zaka, koma ndikamva chinthu cholemera chikugubuduzika pa matabwa mtima umandigundabe.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'nyumba yosamaliramo okalamba ku Romford, kuno kutsidya la nyanja. Mmenemo munali bambo ena akwathu, mwa aja anathawa ndale kalekale n'kukalambira konkuno. Ana awo Chichewa amangomva, poyankha amayankha m'Chingerezi, ndiye ine ndikalowa m'chipinda mwawo ankasangalala, n'kumanditchula kuti mwana wanga. Bambowa mtima wawo unali pa bowling, masewera aja ogubuduza mpira wolemera pa njira ya matabwa kuti ukagwetse timitengo khumi toimika totchedwa mapini. Mwana wawo anawagulira mpira watsopano, n'kuubooletsa mabowo atatu molingana ndi zala zawo, koma sabata yomweyo sitiroko inapha dzanja lawo lamanja. Mpirawo unangokhala m'chikwama kunsi kwa bedi, usanaponyedwe ndi kamodzi komwe.

Tsiku lina ndikuwapaka mankhwala onunkhira bulugamu pa dzanja lakufalo, anandipempha kuti ndiutenge ndikauponye ngakhale katatu, ndidzawauze mmene ukuyendera. Kodi munthu wamkulu, wodwalanso, mungamukanire pamaso? Ndinavomera, koma mumtima ndinkati mayi wa mpingo ngati ine ndikatani kumalo a nyimbo zaphokoso ndi mowa? Chikwamacho ndinangochikankhira kuseri kwa chitseko kwanga. M'mawa uliwonse ankandifunsa, ine n'kumanamizira mashifiti, mpaka tsiku lina funsolo linanditopetsa, ndinawauza kuti ndapita. Anadzuka pang'ono pa pilo, anati ndifotokoze zonse. Ine, poyesa kuti ndikuwasangalatsa, ndinati mpirawo ngwabwino zedi, unayenda mowongoka ngati chingwe kuchokera m'dzanja mpaka kumapini.

Iwo anandiuza, ndi lilime lawo lolemera lija, kuti mpira umenewo anaupanga kuti uzikhota: mkati mwake ngolemera mbali imodzi, umaterera pamene njira ili ndi mafuta, ukafika pouma umagwira thabwa n'kutembenuka. Anandifunsanso ngati kutchalitchi kwathu nkhani ya Hananiya ndi Safira tinaing'amba m'Baibulo. Atatero anatembenukira kukhoma. Kuyambira tsiku limenelo dzina lija loti mwana wanga linatha, ndinasanduka anesi ngati wina aliyense.

Manyazi anandimanga pakamwa masabata awiri, mpaka ndinamva kuti afooka ndipo ana awo aitanidwa. Tsiku langa lopuma ndinanyamula chikwama chija pa basi, masanasana, n'kukalowa kumalo kuja ndinkakunyoza. Kunali zii, anthu owerengeka. Ogwira ntchito kumeneko anandibwereka nsapato zawo zoterera zija. Mabowo a mpirawo anandikulira, ndipo kawiri konse mpira unagwera m'ngalande ya m'mbali. Kachitatu ndinati Ambuye ndichitireni chifundo, n'kuusiya. Unaterera cha kumanja, m'mphepete mwenimweni, ine n'kumati wagweranso, koma utayandikira kumapeto unakhota mwadzidzidzi ngati mwana amene amuitana dzina, n'kukalowa pambali pa pini yakutsogolo. Onse khumi anagwa.

Makina anaubweza mpirawo. Nditalowetsa zala, abale, mabowo anali otentha ndi onyowa ngati chikhatho cha munthu wa malungo, ndipo munkatuluka fungo la bulugamu. Ine mankhwala aja ndinali ndisanawagwire masiku atatu, bambowo atakana kuti ndiziwapaka. Nanga fungolo linachokera kuti? Ndinathamangira panja ndi nsapato za eni ake, mpaka mnyamata wapakhomo anachita kundibweza.

Ndinapita molunjika kuntchito kuti ndikawauze bambowo, koma ndinapeza mwana wawo wamkazi ali m'khonde, akulira. Mnzanga amene anali pa shifiti anandiuza kuti bambo atisiya ola lomwelo limene ine ndinkaponya mpira. Anawonjezera kuti asanatsirizike dzanja lija losagwedezeka chigwireni sitiroko linadzuka lokha, linapita kumbuyo, linabwera kutsogolo, zala n'kutambasuka ngati zikusiya chinthu.

Ndinapempha kuti ndithandize kuwasambitsa. Ndikupukuta dzanjalo ndinawanong'oneza kuti mpira wawo unakhota monga ananenera, ndipo unagwetsa onse. Koma khutu la wakufa limamva chiyani?

Ine sindikhulupirira kuti akufa amayendayenda, pakuti Malemba amati munthu amafa kamodzi, kenaka chiweruzo. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti Mulungu anandionetsa choonadi chija ndi maso anga, koma sanandilole kuchifikitsa, kuti ndilawe kuwawa kwa bodza langa. Ndinalapa, ndipo ndikudziwa kuti Iye anandikhululukira, koma loti mwana wanga sindinalimvenso.

Inu amene mumasamalira odwala, musamawanamize poti mukuwatonthoza. Ngati simunapite nenani kuti simunapite, ndipo ngati mwalonjeza pitani lero. Wodwala amadziwa mmene mpira wake umayendera, ndipo sadzakudikirani kuti mumalize manyazi anu.