Kambale kakuda ka a Harrison

Pofika 9 koloko m'mawa a Harrison anali atatulutsa kale thebulo pakhonde. Ankadikira a Maxwell, aja amabereketsa ng'ombe za mkaka ndi jakisoni, amene adalonjeza kupatukira kuno ndi chigubu chawo cha nayitirojeni, madzi ozizira koopsa osungiramo mbewu ya nkhunzi.

A Harrison amakonza mawailesi ndi masola pa Kabudula, koma kale adali pasukulu yaukachenjede ku Joni. Zaka zitatu ankafufuza za kambale kakuda, kowotchedwa ndi kopa ndi zinthu zina. Bambo awo atadwala adabwerera, sukulu osamaliza. Chimene adabwera nacho ndi kambaleko basi, m'botolo lotseka bwino.

"Mu waya, tinthu tonyamula magetsi timagundana ngati anthu pamsika wa Nsaru," ankatero. "Koma umu, kakazizira, timayenda tiwiritiwiri, kalikonse kakumvera kanzake, magetsi osatayika. Chifukwa chake ngakhale mapulofesa sanachigwire bwinobwino."

Anthu ankangoti, "Sukulu inawazunguza mutu, eti?" Mwana wawo Gloria, wa Fomu 4, ankasekedwa nazo. Tsikuli a Harrison ankafuna kuti Gloria aone ndi maso ake maginito ikuyandama pamwamba pa kambaleko.

Dzulo lake, iwo ali kuntchito, akazi awo a Loyce adati chinthu choonetsa alendo sichingakhale chakuda chonchi. Adakanyika m'beseni tsiku lonse, n'kukakwecha ndi phulusa ngati poto, n'kukabwezera m'botolo. Madziwo ndidawathirira ndine, woyandikana nawo nyumba, mwana wanga Mwaiwathu ali kumsana. Sitinkadziwa kuti kamadana ndi madzi.

A Maxwell adafika panjinga yamoto, anthu n'kuunjikana.

"Achimwene, fulumirani. Ng'ombe ya eni sidikira mapulofesa."

Adathira nayitirojeni pakambale, utsi woyera kuti tolotolo. A Harrison adaika maginito. Idangokhala phee. Adathiranso, kambale kadang'aluka pakati.

"Otsalawa ndi a ng'ombe," adatero a Maxwell, n'kutseka chigubu.

Wina adaseka. Gloria adalowa m'nyumba.

A Harrison adatola zidutswazo, n'kuona phulusa litakanirira m'mbali. Adayang'ana kukhitchini kumene a Loyce ankaphikira alendo tiyi, kenako adandiyang'ana ine. Ndidasowa poika maso.

"Kodi kangapezekenso kena?" ndidafunsa.

Adapukusa mutu.

"Mayi a Mwaiwathu," adatero chapansipansi, "ndapota nanu, musakawauze mayi a Gloria kuti ndi madzi aja. Akakufunsani, mukangoti kanakalamba."