Mpira Ukakukhudza, Umanena Wekha

Lachiwiri masana ndinali pakhonde kuswa mtedza wa geni yanga. Mwana wanga Tiyamike, amene ali sitandade 3, anabwera n'kukhala pambali panga atakwinya nkhope. Ndinamusiya kaye. Mwana ukamufunsa msanga amangoti palibe.

Patapita kanthawi anayamba yekha. "Amayi, Memory wanena kuti ndisamapitenso kwawo. Akuti ine ndimafa msanga, ndimangowatayitsa nthawi."

Musadzidzimuke, imfa yake ndi ya pa gemu. Memory ndi mwana wa anesi amene anabwera chaka chatha kudzagwira ntchito kuno ku boma. Amalume ake oyendetsa thiraki anamugulira ku Chipata gemu yolumikiza ku kanema. Amasewera awiriawiri, pomwe ana a mumzere wathu ndi ambiri. Akaweruka kusukulu amakaunjikana pabalaza pa anesi, awiri akudina, enawo kukamwa yasa, kudikira kuti wina afe.

Sindinapite kukadandaula. Ndikanakanena chiyani? Gemu ndi yawo, magetsi ndi awo.

Ndinangomuuza kuti, "Katole majumbo akutha ali kuseri kwa bafa aja. Ubweretsenso botolo."

Ndinakulunga mpira mmene tinkachitira kwathu ku Mkanda: kansanza pakati, majumbo pamwamba, kumanga zolimba ndi chingwe cha thumba la feteleza. Manja anakumbukira okha. Kenako ndinaitana amake Dalitso a nyumba yoyandikana nayo.

"Asisi, mukadamukumbuka fulaye?"

"Inu mukufuna mundithyole msana," anatero, koma chitenje anali atamanga kale m'chiuno.

Kwa amene mwaiwala, fulaye amayenda chonchi. Awiri amaima uku ndi uku akugenda ndi mpira. Wapakati amazinda, ndipo mpira ukapita kutali amathira mchenga m'botolo. Ukamukhudza, wafa, alowe mnzake wa gulu lake. Koma wina akadzaza botolo, anzake onse amene anafa amadzuka.

Tinayamba atatu. Amayi awiri akuluakulu kugenda kamwana kamodzi, ife eni tikuseka ngati atsikana. Phokoso lija linakalowa pazenera la anesi. Ana amene anatopa ndi kudikira anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Memory anabwera pomaliza, atavala nsapato zake zoyera, n'kuima patali manja m'chiuno. Sizinatenge nthawi, nsapato zija zinali pansi pa mtengo wa mango.

Ife anzanu tinakula choncho. Palibe amene anatigulirapo chosewerera. Jingo yathu inali ya luzi, phada tinkajambula ndi chala pansi, masanje tinkaphika mtedza wokunkha m'minda anthu akakolola. Ndipo ndinene mosabisa, pa fulaye ine ndinali katswiri. Ndinkadzaza botolo kawiri atsikana a kutsidya kwa dambo akungotuluka thukuta. Sukulu ndinalekeza panjira, koma pamenepo palibe anandiposa.

Koma chinandidabwitsa tsiku limenelo ndi china. Ana awa kuthamanga akudziwa, kuzinda anaphunzira msanga. Chimene sankadziwa ndi kufa.

Mpira umugunde mwana pamwendo, tonse tikuona, iye ali, "Sunandikhudze." Mnzake ali, "Wakukhudza." Kenako onse kutembenukira kwa ine kuti ndiweruze.

Ndinazindikira mochedwa. Pa gemu, kanema ndi amene amakuuza kuti wafa. Sukangana naye, komanso suvomera chilichonse, umangopereka chodinira kwa mnzako. Pa fulaye palibe woyimbira. Mpira ukangopepesa nsonga ya diresi, amene akudziwa ndi mwini diresi. Ife tinkatuluka tokha, chifukwa wokanira imfa mawa lake palibe ankamusankha.

Ndinawauza kamodzi kokha. "Ine sindiweruza. Mpira ukakukhudza, umanena wekha." Ndinabwerera pa mtedza wanga.

Lachinayi ndiye linali tsiku. Tiyamike anagwera gulu limodzi ndi Memory. Gulu lonse linafa, anatsala iye yekha pakati. Kamwanako kanazinda, inu. Kudumpha, kuwerama, kukokera diresi m'miyendo, kuthira mchenga. Botolo linafika m'khosi. Anzake akufa aja ali chiimire, Memory akukuwa dzina lake. Mwana amene dzana anathamangitsidwa, lero ndiye awadzutse onse.

Mpira unadutsa kumbuyo kwake. Ogenda sanaone kanthu. Ngakhale ine, ndi maso anga a katswiri, sindinaone kanthu.

Tiyamike anaima, mchenga uli m'manja. Anautaya pansi.

"Wandikhudza kudiresi," anatero, n'kutuluka.

Memory anamulondola. "Iwe ndiwe wopusa eti? Anakuona ndani? Kungothira kamodzi kokha basi tikanadzuka tonse."

"Koma unandikhudza."

"Ndiye usadzakhalenso gulu langa."

Madzulo ake mwana wanga sanadye bwino. Anandifunsa, "Amayi, ndikanangokhala chete?" Ndikuuzeni zoona, mtima unandipweteka. Ndinayambitsa masewerawa kuti mwana apeze anzake, ndipo lamulo langa lomwe lamulandanso mnzake. Ndinamuyankha kuti wachita bwino, koma ndekha ndinkadzifunsa ngati sindinamusenzetse katundu wa akuluakulu.

Sindikunyoza ana a masiku ano. Tiyamike yemweyo ndi amene amandiwerengera mauthenga a Chingerezi pafoni ya bambo ake. Pa msinkhu wake ine foni ndinali ndisanaionepo. Ndipo tisamanamizire makina okha. Mabwalo amene ana akanasewerapo tinamangapo mipanda ndi maokala. Timaopa mathiraki a pamsewu wa ku boda, ndiye timati khala m'nyumba. Mwana akabwera ndi fumbi timakalipa za sopo. Tawatsekera tokha, kenako tikudabwa kuti akungoyang'ana kanema.

Koma taganizani. Tonse timadandaula za wogulitsa amene amabana pa sikelo, za munthu amene wagwidwa ndi mbuzi chingwe chili m'manja koma akukanabe. Timafuna anthu onena okha kuti apa ndalakwa. Kodi munthu wotere amaphunzira kuti? Ali ndi ndevu kale? Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Ife tinaphunzira pafumbi, pa nkhani ya botolo la mchenga, pomwe kuvomera kunkawawa koma sikunkapha munthu.

Loweruka m'mawa ndikuchapa, ndinamva mkangano kubwalo. Tiyamike sanapiteko, anali pafupi nane akutsukuluza zovala. Ankakangana Dalitso ndi Memory, wina akuti wakhudzidwa, wina akuti ayi. Posakhalitsa gulu lonse linafika pakhomo panga. Ndinapukuta m'manja, ndikuganiza kuti abwera kwa ine.

Memory anandidutsa.

"Tiyamike, tiye ukaime pambali uzitionera. Aliyense akunama. Iweyo ukanena, tivomera."

"Ine sindikufuna kuonera," anatero mwana wanga, osasiya zovala. "Ndikufuna kusewera."

Memory anayang'ana anzake, kenako pansi. "Chabwino. Koma ukhale gulu langa."

Anapita, zovala zija n'kundisiyira m'beseni. Sindinamuitane.

Nanga wanu, akakhudzidwa kudiresi popanda womuona, adzataya mchenga kapena adzathira?