Khola limene nkhuku zinalikana

Anandisamutsila ku Lundazi m'zaka zija sopo, mafuta ophikila a saladi ndi shuga tinkangozimvela mphekesela. Ndinali mphunzitsi wa sayansi, wobadwila ndi kukulila m'tauni ya Chipata, ndipo za nkhuku ndinkadziwapo ziwili zokha: dzina lake m'Chingelezi, ndi chiwalo chimene ndimakonda ikaphikidwa. Nyumba imene tinapatsidwa inali yomalizila pa mzele wa nyumba za aphunzitsi. Kuseli kwake kunali bwalo lalikulu ndi mtengo wa mango.

Masiku amenewo wailesi inkalalikila m'mawa ndi madzulo kuti aliyense adzidalile, ndipo pa msonkhano uliwonse wa chipani tinkauzidwa zomwezo. Ine mawuwo anandilowa. Ndiye apongozi atabwela kudzationa n'kutisiyila tambala mmodzi wofiila ndi mathadzi asanu, ndinaona kuti nthawi yanga yotukula dziko yakwana. Mkazi wanga anati nkhukuzo zizigona m'kakhitchini ka panja mpaka titaona chochita. Ndinakana. M'kabati ya kusukulu ndinali nditapeza kabuku ka zaulimi kong'ambika chikuto, ndipo munali chithunzi cha khola lamakono: kanyumba ka malata, ndi bwalo lotchinga kutsogolo kwake loti nkhuku ziziyendamo osatuluka.

Masabata awili ndinakhala ndikujambula pulani ndi lula. Nditamuonetsa mkazi wanga, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati nkhukuzo zidzapatsidwanso makiyi.

Bukulo linkafuna waya. Ku sitolo ya boma anandiuza kuti abwela, ndipo anandiuza zimenezo mwezi wathunthu. Tsiku lina Loweluka ndinapeza mzele wautali pakhomo pa sitoloyo. Sindinafunse, ndinangoima pambuyo, khadi ya chipani ili m'thumba, mtima uli pa waya. Dzuwa litafika pamutu ndi pamene ndinazindikila kuti anthuwo ankadikila saladi. Ndinagula botolo limodzi kuti ndisabwelele chimanjamanja. Mkazi wanga anakondwa kwambili, nati khola layamba kale kubala zipatso lisanamangidwe.

Waya ndinamusiya. Ndinagula milimo ndi nsungwi kwa bambo wina wa ngolo, malata awili akale ndinapempha kwa a hedi, misomali ndinazula m'madesiki othyoka n'kumaiwongola pa mwala. Nyundo inkagunda msomali kamodzi, chala changa kawili. Chikhadabo cha chala chachikulu chinada mpaka kuthothoka, moti pogwila choko ndinkachibisa m'chikhato.

Kuseli kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wamasiye wa ku Magodi, amene ankagulitsa nsawa pamsika. Anali ndi nkhuku zambili, ndipo zinkagona m'kakhola kaudzu kokhala ngati kankhokwe, kokwezeka pa mphanda zinayi, ndi kamtengo kokwelela. Ine kakhola kameneko ndinkakaona ngati chitsanzo cha zinthu zimene dziko liyenela kuzisiya. Tsiku lina madzulo mayiwo anaima pampanda, mtanga uli pamutu, n'kundilonjela m'Chitumbuka, mmene mphunzitsi amamuti msambizgi.

"Monile, asambizgi. Kodi mukumangila alendo?"

Ndinawafotokozela kuti ndi khola la nkhuku, ndipo ndinawauza utali ndi mulifupi mwake ngati kuti andifunsa. Anayang'ana mpanda wansungwi umene unkandifika pachifuwa, nafunsa ngati ukathela pomwepo. Ndinati buku likutelo. Anangoti "yewo", zikomo wa kwawo, n'kumapita. Ine ndinakauza mkazi wanga kuti vuto la anthu a kuno n'kuopa chitukuko.

Khola litatha ndinazilowetsa nkhuku zija ndi manja anga. Sizinathe ngakhale ola. Nditabwelako kokasamba ndinazipeza zikupalasa kudzala, ndipo dzuwa litapendeka zinakwela mu mtengo wa mango n'kugona momwemo. M'mawa mwake zinachitanso chimodzimodzi. Nkhuku za m'buku zinali zoyela, zonenepa, zosadziwa kuti zili ndi mapiko. Zanga zinali za kumudzi, zozolowela kuthawa kabawi, ndipo mpanda wanga zinkaudumpha ngati mzele wa mbatata. Kuyambila pamenepo ntchito yanga ya madzulo inali imodzi: kuvula tayi, kupinda buluku, kuthamangitsa nkhuku kuzungulila nyumba, aphunzitsi anzanga ali pamakonde akumwa tiyi wopanda shuga n'kumandionelela.

Mbili ya khola inawafika a tcheyamani a chipani a m'dela lathu. Anali telala, munthu wokonda alendo ndi zolankhula. Anabwela, analizungulila, anagogoda malata, n'kundiuza kuti sabata yamawa kukubwela bwana wochokela ku Chipata kudzaona ntchito zodzidalila, ndipo khola langa likhala pa mndandanda wa malo okaona. Apa ndi pamene ndikanayenela kunena zoona. M'malo mwake ndinapita kukafuna laimu n'kupaka kanyumbako kuti kawale.

Nkhuku zisanu ndi imodzi zinkaoneka zochepa pa bwalo lalikulu chonchija, choncho ndinakabweleka zina zinayi kwa mayi a ku Magodi. Sanafunse chifukwa. Tsikulo m'mamawa tinazigwila zonse khumi n'kuzitsekela m'kanyumba ka malata, kuti bwana akafika ndidzatsegule kachitseko zituluke mwaulemu. Unali mwezi wa Okutobala. Anatiuza kuti alendo afika chakum'mawa, koma anafika dzuwa litapendeka. Nthawi yonseyo nkhuku zinali kupsa pansi pa malata, ine ndili kupsa m'jekete.

Galimoto itaima, amayi a chipani anayamba nyimbo. A tcheyamani analankhula kwa nthawi ndithu za mphunzitsi amene sangophunzitsa ndi choko chokha komanso ndi manja. Kenako inafika nthawi yanga. Ndinafotokoza za mpweya wabwino, za ukhondo, za ubwino woti nkhuku isamayendeyende. Nditatha ndinawelama n'kutsegula kachitseko.

Tambala anatuluka ngati wathilidwa madzi otentha. Analumpha n'kutela pamwamba pa nsungwi, pafupi ndi phewa la bwana, analila kamodzi, n'kugwela kunja. Mathadzi anamutsatila, nthenga ndi fumbi zili kobo. Zinayi zobweleka zija zinalunjika kwawo osatembenuka. Nyimbo inaduka pakati, ndipo ndinamva amayi ena akutsokomola m'zitenje. M'bwalo monse munatsala thadzi limodzi, lotsegula kukamwa, limene kutentha kunalifooketsa moti silikanatha kuuluka.

Bwana uja sanaseke. Anali munthu wachikulile, wa imvi m'mbali. Anandiyandikila n'kundiuza motsitsa mawu, kuti ena asamve:

"Aphunzitsi, kwathu kumudzi timazidula nthenga za phiko limodzi."

Ndinathokoza ngati kuti andipatsa mendulo. Pamenepo n'kuti a tcheyamani atalowa kale m'bwalo. Anagwila thadzi lotsala lija, analimanga miyendo ndi luzi, n'kulipeleka kwa bwana ngati mphatso yochokela kwa anthu a dela lathu. Anthu anaomba m'manja, inenso ndinaomba. Nkhuku yokhayo imene inalemekeza khola langa inakwela galimoto n'kupita ku Chipata.

Sabata imeneyo sindinapite kumsika. M'kalasi ndikatembenukila kubolodi, kumbuyo kunkamveka kulila kwa tambala, ndipo ndinalibe mphamvu yofufuza mwini wake. Mkazi wanga anangondikumbutsa kuti apongozi akadzabwela adzawelenga nkhuku zawo, ndipo wofotokoza ndidzakhala ine.

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinapita kwa mayi a ku Magodi. Ndinawapeza akusenda nsawa. Ndinawalonjela m'Chitumbuka changa chothyokathyoka, anandipatsa mpando, ndipo ndinazungulila nkhani za mvula ndi za mitengo ya zinthu ndisanafike pa chimene ndinadzela. Anandiuza kuti anaona tsiku loyamba lomwe kuti mpandawo ndi waufupi, kuti malata adzaziwotcha, ndiponso kuti nkhuku siikonda kugona pansi pamene likongwe ndi linthumbu zimafika mosavuta. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzile.

"Munali ndi buku, asambizgi," anatelo osasiya kusenda. "Ine ndimati kapena nkhuku zanu nazonso zinapitako kusukulu."

Loweluka lotsatila tinamanga khola lina pafupi ndi mtengo wa mango. Ndikuti tinamanga, koma womanga anali iwo. Ine ndinkakumba maenje pamene andilozela, kugwilila mphanda, ndi kunyika luzi m'madzi. Sipanalowe msomali ngakhale umodzi. Pansi anayala timitengo motalikitsa pang'ono kuti zitosi zizigwela pansi, denga anafolela ndi udzu, ndipo miyendo ya khola anaithila phulusa kuzungulila. Nditafunsa muyeso wa khomo, anandionetsa dzanja lawo kuchokela pachigongono. Nthenga tinadula ndi sizasi ya a tcheyamani, amene anatibweleka mokondwa, poti kwa iwo ulendo wa bwana unayenda bwino kwambili.

Madzulo mayiwo anawaza gaga pa kamtengo kokwelela ndi m'kati mwa khola. Tambala anayang'ana mtengo wa mango, anayesa kuuluka, anagwa chammbali, n'kukwela kamtengo kaja ngati kuti ndi maganizo ake. Mathadzi anamutsatila. Ine ndinaima potelopo manja ali m'thumba, ndikugwedeza mutu ngati woyang'anila ntchito.

Ndinaganizapo zozibwezela m'bwalo langa lansungwi, poti tsopano sizikanatha kudumpha. Koma nkhuku yotsekeledwa imafuna kudyetsedwa, ndipo gaga masiku amenewo anthu ankamusunga. Tinazisiya zizidzipalasila. Mvula yoyamba itagwa, mkazi wanga analowa m'bwalo lija ndi khasu, anathila zitosi za pansi pa khola latsopano, n'kubzala repu, tomato ndi anyezi. Pa mzele wonse wa nyumba za aphunzitsi, amenewo anali malo okhawo amene nkhuku sizinkafikako, ndipo ndiwo zinakula mpaka tinkagawilako anzathu. M'kanyumba ka malata tinkasungamo makala ndi makasu.

Tinakhala pa nyumba imeneyo zaka zisanu. Nkhuku zinaswana, zina chitopa chinatenga, zina tinadya. Tsiku limene tinkachoka, mphunzitsi amene anadzalowa m'nyumbamo anayendela kuseli, naona mpanda wansungwi ndi mabedi a ndiwo, n'kundiyamikila kuti ndinaganiza bwino kumanga dimba lotchinga chonchi, ndi kanyumba ka zipangizo pomwepo. Ndinamuuza kuti zinangofunika kukhala pansi n'kujambula pulani. Mkazi wanga anali pomwepo akumanga katundu, ndipo anapitiliza kumanga.