Masekondi Makumi Atatu

Chaka chimene fakitale yathu ya ku Kafue inagulitsidwa, eni atsopano anabweretsa modemu, kabokosi kolumikiza kompyuta ku waya wa foni. Ankafuna kuti lipoti la ntchito lizipita ku ofesi ya ku Lusaka pa waya. Kale lonse linkapita pa disiketi, kambale kosungira za m'kompyuta, m'thumba la jekete la mesenjala wathu, bambo wachikulire wa ku Nangongwe amene ankakwera minibasi m'mawa uliwonse.

Pulogalamu yoimbira foniyo inavuta. Inkaimba nambala, n'kudikira, n'kudula ku Lusaka asanayankhe. Akatswiri awiri anabwera, anasintha zingwe, nati vuto ndi mawaya a ku Kafue, napita. Bwana anaisiya m'manja mwanga, poti mwa makalaliki onse ndine ndinkagwira kompyuta.

Zinanditengera sabata. Ndinkanyamula foni ina ya pa waya womwewo n'kumamvetsera, maso ali pa wotchi. Pulogalamuyo inkadula pa masekondi makumi atatu ndendende. Koma aliyense ku Kafue ankadziwa kuti ukaimba ku Lusaka, waya umayamba wakhala zii, kenako umathetheka, kulira kumadza mochedwa. Wolemba pulogalamuyo anali wa kumene foni sizichedwa. Nambala ya masekondiyo ndinaipeza m'fayilo ina, ndipo ntchito inali kungoisintha.

Sindinaisinthe. Mayina a ochotsedwa ntchito ankamatidwa pageti Lachisanu lililonse, ndipo ndinkadziwa kuti kuvuta kwa modemu ndiko kunkachedwetsa dzina la mesenjala. Ndinauza bwana kuti ndikadafufuza. Ndinatero masabata atatu.

Tsiku lina mesenjalayo, akudikira disiketi, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ba kalaliki, kamakina kanu kakali kudwala?"

"Kakali, ba mudala."

"Muzikamwetsa mankhwala pang'onopang'ono. Wanga womaliza akalibe kutsiriza sukulu."

Lolemba lotsatira bwana anati ngati zandikanika aitana munthu wina, ndipo munthuyo adzafuna desiki. Desiki linalipo limodzi, langa. Atatuluka ndinatsegula fayilo ija, ndinafufuta 30, ndinalemba 90. Modemu inaimba, inadikira, ya ku Lusaka inayankha ndi kulira kwake kokanda m'makutu. Lipoti linapita tiyi wanga asanazizire.

Dzina la mesenjala linatuluka Lachisanu lachiwiri. Pambuyo pake ndinkakumana naye akukankha njinga ya nsomba zouma kuchokera ku Chanyanya. Ankandipatsa moni bwinobwino, ine n'kugula. Za modemu sanandifunsenso, ndipo ine sindinamuuze tsiku limene ndinapeza nambalayo.